Phunziro la M'banja: Kusunga ndi Kuthandizana Pamene Ndalama Zachepa

Munthu wa kumudzi akasowa ndalama amagonabe m'nyumba yake, natunga madzi pachitsime, nathyola ndiwo kudimba. Munthu wa m'tauni sali chotero. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, nyumba njolipira, madzi ngogula, makala ngogula. Ngakhale chisoso chimene kumudzi chimamera chokha, m'tauni chili pamsika ndi mtengo wake. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri a iwo amadya za ganyu, za geni, kapena malipiro amene amatha mwezi usanathe.

Zinthu zidanka zilimba pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mitengo idakwera, koma malipiro a anthu ambiri sadakwere nayo pamodzi. Tsono funso la phunziro lino ndi ili: banja lopeza pang'ono lichite chiyani kuti lisagwe m'dzenje la ngongole? Yankho lili pawiri. Liyenera kukhala ndi mwambo m'nyumba, ndipo liyenera kugwirana manja ndi mabanja ena, pakuti banja loyenda lokha limagula modula ndi kukongola modula.

1. Wosauka amagula modula

Ichi nchodabwitsa, koma nchoona. Mwini ndalama amagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 nthawi yokolola, mtengo uli pansi, nalisunga. Wosauka amagula kajumbo ka ufa, kotchedwa wokumani, tsiku ndi tsiku, ngakhale mu January ndi February pamene chimanga chadula koposa. Momwemonso ndi mafuta ophikira oyeza pang'onopang'ono, shuga wa m'timapepala ndi makala a m'timilu. Kalikonse kogawidwa ting'onoting'ono kali ndi phindu la wogawayo pamwamba pake. Munthu akawonkhetsa zonse pakutha pa mwezi, amapeza kuti walipira zambiri kuposa mnzake amene adagula kamodzi. Sikuti wosaukayo ngopusa ayi. Chabe alibe ndalama yokwanira pa nthawi imodzi.

2. Mwambo wa m'nyumba

Kusunga kumayamba ndi chilungamo pakati pa mwamuna ndi mkazi. Bambo wobisa malipiro ake, ndi mayi wobisa phindu la geni yake, ali ngati anthu awiri otunga madzi m'ndowa yobooka. Pa tsiku lolandira, awiriwo akhale pansi, alembe pa pepala zimene zalowa, nagawe motsata kufunika kwake: nyumba choyamba, kenaka ufa ndi ndiwo, za sukulu, madzi ndi moto, ndi kandalama kodikira matenda. Zotsala ndizo zokondweretsa mtima. Mowa ndi juga zikayamba kudya ndalama isanafike pakhomo, palibe nzeru ya mayi imene ingapulumutse nyumbayo.

Kukhitchini nakonso kuli chuma chobisika. Nyemba zoviikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo makala amatsala. Mphika wovundikira sudya moto wambiri. Mbaula yomatidwa dothi m'kati imasunga kutentha kuposa ya chitsulo chokha. Makala otsala azimitsidwe, asasiyidwe kuti asanduke phulusa. Pa khomo lopanda malo, mpiru ndi bonongwe zimamera bwino m'matumba odzaza dothi, zothiriridwa ndi madzi otsukira ndiwo. Chovala chosokedwa lero sichifuna kaunjika mawa. Akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma kusunga si kuumira. Wosunga amadzimana zosafunika kuti ana ake adye mawa. Woumira amamana ana ake lero kuti ndalama imukondweretse m'thumba. Woyambayo ali ndi nzeru, wachiwiriyo ali ndi matenda a mumtima.

3. Msampha wa katapila

Ngakhale banja losamala limagwa m'mavuto. Mwana adwala usiku, maliro agwa kumudzi, mwini nyumba agogoda pachitseko. Pamenepo ambiri amathamangira kwa wakatapila. Munthu wokongola K20,000 amauzidwa kubweza K30,000, mwinanso K40,000, pakutha pa mwezi. Akalephera, chiwongoladzanja chimaberekanso china, ndipo wailesi, matiresi kapena makina osokera zimatuluka m'nyumba. Mwezi wotsatira banjalo limayamba ndi dzenje, nkukongolanso kuti likwirire dzenjelo. Motero katapila amatha vuto la tsiku limodzi, nabala mavuto a chaka chathunthu.

4. Njira zitatu zogwirana manja

Mutu umodzi susenza denga. Chimene banja limodzi silingathe, mabanja khumi amachitha.

Njira yoyamba ndi kugula pamodzi. Mabanja anayi kapena asanu akasonkha, angathe kugula thumba la chimanga, chigubu cha mafuta kapena katoni ya sopo m'masitolo a pikulitsa ku Limbe, nagawana mwachilungamo. Phindu limene akadasiya kwa wogawa limatsala m'nyumba zawo, ndipo ulendo wa minibasi umalipidwa kamodzi.

Njira yachiwiri ndi chipereganyu, chimene ku Zambia amachitcha chilimba. Mwachitsanzo, amayi khumi akamasonkha K5,000 aliyense pa sabata, mmodzi amalandira K50,000, ndipo pakutha pa masabata khumi onse alandirapo. Palibe wapindula kanthu pamwamba pa zimene adaponya, koma aliyense wagwira ndalama yochuluka pa nthawi imodzi, yokwanira kugula modzaza kapena kuyambira geni.

Njira yachitatu ndi banki m'khonde. Njira imeneyi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, pakati pa amayi a kumidzi, ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, kufikira ku Malawi. Kayendetsedwe kake nkotere. Anthu odziwana, kawirikawiri 15 mpaka 25, amakumana sabata ndi sabata. Aliyense amagula masheya, kuyambira imodzi kulekeza asanu, ndipo zonse zimalembedwa m'kabuku kake onse akuona. Ndalama zimasungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana, kotero kuti munthu mmodzi sangalitsegule yekha. Membala angathe kukongola, koma osapitirira katatu zimene adasunga. Pali thumba lina laling'ono la zogwa mwadzidzidzi, lothandizira matenda ndi maliro. Pakatha chaka, kapena pafupifupi chaka, amagawana zonse molingana ndi masheya a munthu aliyense.

Kusiyana kwake ndi katapila kuli apa: gulu likapangana chiwongoladzanja cha 10 pa 100, wokongola K20,000 amabweza K22,000, ndipo K2,000 yapamwambayo imalowa m'bokosi, nkudzabwerera kwa eni ake pa tsiku logawana, wokongolayo alandirakonso gawo lake.

Nzeru yotere si yachilendo mu Mpingo. Ku Jirapa, kumpoto kwa Ghana, Bambo John McNulty a chipani cha White Fathers adathandiza akhristu kuyambitsa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama mu 1955. Ku Malawi mabungwe otere, otchedwa SACCO, adapanga mgwirizano wawo wa MUSCCO mu 1980, ndipo lamulo la 2011 lidawaika pansi pa uyang'aniro wa Reserve Bank of Malawi. Gulu limene ndalama zake zachuluka lichita bwino kuzisunga ku SACCO kapena ku banki, pakuti bokosi lodzaza m'nyumba ya munthu limaitana mbala.

5. Zimene zimapha gulu

Magulu ambiri atha ndi misozi, ndipo mabanja ena apasuka chifukwa cha ngongole za banki m'khonde. Zifukwa zake nzodziwika. Choyamba, umbombo: gulu limakweza chiwongoladzanja mpaka kufanana ndi katapila, kapena kukakamiza membala aliyense kukongola, afune asafune, kuti phindu lichuluke. Chachiwiri, munthu mmodzi amalowa m'magulu atatu kapena anayi, nakongola uku kuti abweze uko, mpaka zonse zimugwera pamodzi. Chachitatu, kukongola mobisira mwamuna kapena mkazi wake. Chachinayi, kukongolera zinthu zosabala: phwando, chovala cha ukwati wa mnzake, foni yodzionetsera. Chachisanu, kukhulupirira munthu mmodzi popanda kulemba, chifukwa choti ndi mkulu wa mpingo kapena wachibale. Kuwerenga ndalama poyera sikunyoza msungichuma. Ndiko kumteteza ku mayesero ndi ku miseche.

Wokongola adziwe kuti ndalama imene watenga ndi thukuta la mayi wogulitsa mandasi ndi la bambo wolondera usiku. Kukana kubweza pamene angathe kubweza ndiko kuba. Nalonso gulu lidziwe kusiyanitsa wachinyengo ndi munthu amene tsoka lamugwera. Wachinyengo adzudzulidwe, wogwa m'tsoka apatsidwe nthawi, asalandidwe mphika ndi chofunda cha ana ake.

6. Amene alibe choponya

Pali ena amene sangalowe m'gulu lililonse, pakuti alibe ngakhale sheya imodzi: nkhalamba yolera adzukulu, wodwala nthawi yaitali, mnyamata wochotsedwa ntchito. Amenewa ndiwo udindo wa mphakati. Maepiskopi a AMECEA atakumana ku Nairobi mu 1973 adalimbikitsa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu, kuti anthu okhala moyandikana apemphere pamodzi ndi kusenzerana akatundu. Mphakati umene umangoimba ndi kusonkhetsa, osadziwa nyumba imene yagona ndi njala, wataya theka la ntchito yake.

Thandizo silikhala la ndalama lokha. Mbale ya ufa, kulera mwana wa mnzako iye ali ku geni, kubwereketsa wilibala, kudziwitsa mnzako kumene kwapezeka ganyu, kugonera wodwala ku chipatala cha Queen Elizabeth, zonsezi ndi chuma. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023, oyamba kufukula anzawo ku Chilobwe adali anansi, ndi makasu ndi manja awo, ndipo opulumuka ambiri adasungidwa m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za anzawo. Kupatsa nkuika. Koma wopatsa apatse mwakachetechete, osachititsa mnzake manyazi. Ndipo wolandira asasandutse chifundo cha anansi kukhala munda wake.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Chifukwa ninji wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri? Nanga ndi zinthu ziti zimene mabanja a mphakati uno angagule pamodzi?
2. Kodi kusunga kusiyana bwanji ndi kuumira?
3. Chiwongoladzanja cha katapila chimapita kuti, ndipo cha banki m'khonde chimapita kuti?
4. Mwa zinthu zisanu zimene zimapha gulu, ndi ziti zimene zaoneka m'dera lino?
5. Kodi gulu lichite chiyani ndi membala amene walephera kubweza chifukwa cha matenda?

Chochita: Banja lililonse lilembe ndalama zonse zotuluka m'nyumba kwa masiku 14, ngakhale za machesi ndi mchere, ndipo mwamuna ndi mkazi awerenge pepalalo pamodzi. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati afufuze mwaulemu nyumba zimene zilibe chakudya, kuti msonkhano wotsatira udzapangane za thandizo lake.