Makina oyezera mtima sapha: pitani pa tsiku limene mwauzidwa

Kwa mabanja a ku Zalewa ndi midzi yozungulira.

Kukumveka mphekesera yoti makina oyezera mtima amawotcha magazi, ati munthu akayezedwa sachedwa kutsikira kuli chete. Limeneli ndi bodza. Zikutitopetsa kuona kalata yotumizira wodwala ikubwerera ili chipindire m'buku la kuchipatala, tsiku litadutsa kalekale, mwini wake miyendo itatupa mpaka nsapato kukana. Akakutumizani ku Lisungwi, ku chipatala cha boma ku Neno kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pitani pa tsiku limene mwauzidwa.

Makina ojambula mtima amene mukawapeze kumeneko ndi amtundu womwewo umene amaunikira amayi oyembekezera. Amagwiritsa ntchito mawu, alibe cheza chilichonse. ECG nayo imangolemba kagundidwe ka mtima kudzera m'timawaya tomata pachifuwa, silowetsa magetsi m'thupi. Nanga magaziwo awotchedwa ndi chiyani?

Ena akuti, nanga jakisoni wa cheza amene abale athu amabayidwa ku Johannesburg? Alipodi, sitikubisa. Dokotala akafuna kuona ngati mitsempha ikufikitsa magazi okwanira ku mnofu wa mtima, amakuyendetsani pa makina mpaka mtima uthamange, kapena kukupatsani mankhwala ngati simungathe kuyenda. Kenako amabaya mankhwala ochepa a technetium-99m ndi kujambula, zithunzi nazifanizira ndi za pamene mukupumula. Mphamvu ya cheza chake imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, ndipo ena mwa mankhwalawo amatuluka ndi mkodzo, choncho pakutha pa tsiku amakhala atatsala pang'ono zedi. Sawotcha magazi. Chofunika n'kusiya tiyi, khofi ndi Coca-Cola kwa maola 24 musanayezedwe, komanso kunena msanga ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa kapena mumadwala mphumu.

Enanso akuti, komatu uje anamwalira atangoyezedwa. Maliro ndi owawa, sitikutsutsa. Koma funsani kuti anayamba liti kubanika pokwera kamtunda, anagona chokhala miyezi ingati asanapite. Kuyeza kumangoonetsa matenda amene alipo kale, ndipo mtima umene wafooka kwa zaka osalandira mankhwala suyembekeza kuti mphekesera ithe. Sanaphedwe ndi makina, anafika mochedwa.

Chepetsani mchere, yezetsani BP, musadumphitse mankhwala. Amene tsiku lawo linadutsa abwere ndi buku lawo msanga, tiwalembere lina.