ZA UMOYO WATHU: KUPIMA MTIMA ULI PA NCHITO

Kucipatala timalandira anthu amene amadandaula motere: "Ndikakwera citunda kapena kupalasa njinga ndi katundu, pacifuwa pamalema monga andiikapo mwala. Ndikapumula pang'ono, zimaleka." Tikawagoneka pabedi ndi kuwapima ndi makina a ECG, nthawi zambiri pepala limaonetsa kuti zonse zili bwino. Munthu amapita kunyumba wokondwa, koma matenda akali momwemo.

Cifukwa cace nciani?

Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yace imene imaupatsa magazi. Mafuta akaunjikana m'kati mwa mitsemphayi, njira ya magazi imacepa. Taganizirani paipi ya madzi m'komboni imene yacita dzimbiri. Usiku, pompi imodzi ikatsegulidwa, madzi amatuluka bwino. M'mawa, nyumba zonse zikatsegula, madzi amangodontha. Ndi mmenenso mtima ulili. Munthu akagona, magazi ocepawo amakwanira. Akayamba nchito yolemetsa, saukwaniranso mtima, ndipo ululu umayamba. Ululu umenewu timaucha angina. Amene umakonda kuwagwira ndi odwala BP kapena shuga, okoka fodya, onenepa kwambiri, ndi amene m'banja mwao muli matenda a mtima.

Cotero mtima uyenera kupimidwa uli pa nchito. Kupima kumeneku kumachedwa stress test.

Zimene zimacitika

Pathupi panu amamatapo mawaya 10 a ECG, ambiri a iwo pacifuwa, ndipo pamkono amamangapo copimira BP. Kenaka mumayenda pa lamba woyenda ndi magetsi. Zipatala zambiri zimatsata njira imene Dr Robert Bruce wa ku Seattle, America, anafalitsa mu 1963: lamba amayamba pang'onopang'ono, ndipo pakapita mphindi 3 zilizonse amathamangirako ndi kukwezeka monga citunda.

Adokotala amafuna kuti mtima ufike pa liwiro loyenera msinkhu wanu. Amacotsa zaka zanu pa 220, natenga 85 peresenti ya zotsalazo. Kwa munthu wa zaka 50, ndiye kuti mtima ugunde pafupifupi nthawi 145 pa mphindi imodzi. Mtima ukayamba kuperewera magazi, mizere ya ECG imasintha. Mukamva ululu, cizungulire kapena kubanika, nenani msanga ndipo adzaimitsa lamba. Apa sipoonetsera camuna ai. Kuyendaku kaŵirikaŵiri sikupitirira mphindi 15, ndipo mukatsika amakuyang'anirani kufikira mtima utakhazikika.

Okalamba ndi obvutika miyendo amapatsidwa mankhwala monga dobutamine, amene amathamangitsa mtima munthu ali cigonere, adokotala akuuona pa sikani.

Mmene mungakonzekere

1. Musadye cakudya kwa maola atatu musanapimidwe.
2. Lekani khofi, tiyi, zakumwa za kola ndi fodya tsiku limenelo.
3. Bvalani nsapato zoyendera ndi zobvala zomasuka.
4. Tengani mankhwala anu onse. Ena, monga atenolol, amacedwetsa mtima ndipo angabise matenda. Koma musawaleke mwa inu nokha; funsani adokotala coyamba.

Kodi zotuluka zace nzodalirika?

Zimathandiza kwambiri, koma sizinena zonse. Nthawi zina matenda sagwidwa, ndipo nthawi zina, makamaka kwa azimai, makina amaonetsa bvuto pamene palibe. Ncifukwa cace adokotala amayang'ananso msinkhu wanu, shuga, BP ndi mmene ululu umayambira. Akakaikira, angakutumizeni ku Lusaka, ku National Heart Hospital, kukajambula mitsempha ya mtima. Makina amenewa sapezeka pakiliniki ya m'komboni, koma kalata yokutumizani kutsogolo imayambira pomwepo.

Cenjezo

Ngati ululu wa pacifuwa wabwera muli khale, wapitirira mphindi 15, wafika kumkono kapena kunsagwada, ndipo mukutuluka thukuta, musayembekeze tsiku la stress test. Musati ndi mpweya wa m'mimba n'kumwa soda. Funani galimoto mupite kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Azimai, ngati amuna anu ayamba kuimaima panjira atagwira pacifuwa, musakhale cete. Aperekezeni kukiliniki, ndipo mukafotokoze bwino kuti ululuwo umabwera pamene akugwira nchito. Mau amenewo ndi amene amatithandiza kudziŵa kuti ECG ya pabedi siyokwanira.