Kugula sipeya wa injini kwa wogulitsa wakutali

Injini ya boti ikafa usipa uli m'madzi, mwini zida sagona tulo. Alovi amayamba kusamukira kwa ena, chilimira chili gone pamchenga. Nthawi imeneyi ndi imene asodzi a ku Malindi ndi madooko oyandikana nawo amaberedwa ndalama, chifukwa munthu wothamanga safunsa mafunso.

Mapulagi ndi oilo zimapezeka pa boma la Mangochi. Koma kirankishafuti, giyabokosi kapena CDI nthawi zambiri timaitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Dar es Salaam kapena ku Joni. Mitengo yake inakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti sipeya m'modzi akhoza kudya phindu la miyezi ingapo.

Yambani ndi injini yanu

Musanaimbire wina aliyense, itanani makaniko atsegule injini ndi kukuuzani chimene chafa. Kenaka onani kachitsulo kolembedwa kamene kali pamalo pomangira injini ku boti. Pamenepo pali mtundu wa injini ndi nambala yake. Kungonena kuti "Yamaha 15" sikokwanira, poti mainjini a mphamvu yofanana amasiyana m'kati. Sipeya aliyense wa Yamaha ali ndi nambala yakeyake, ndipo zilembo zitatu zoyambirira zimaloza mtundu wa injini: mwachitsanzo 6B4 ndi ya E15D, pamene 66T ndi ya E40X. Lembani nambalayi m'kope. Anthu ena amalira kuti aberedwa pomwe anaitanitsa okha chinthu cholakwika.

Wogulitsayo ndi ndani?

Chithunzi cha pa WhatsApp kapena pa Facebook si umboni. Aliyense akhoza kuchitenga kwina. Muuzeni wogulitsa alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pakapepala, akaike pambali pa sipeyayo, ajambule nambala ikuoneka. Amene alidi ndi katunduyo sizimutengera nthawi. Amene alibe amayamba nkhani: foni yatha moto, katundu ali kunyumba kwa bwana, wina akumufunanso ndiye tumizani msanga. Mtengo ukakhala wotsika kwambiri kusiyana ndi m'masitolo, dziwani kuti mwina sipeyayo ndi wachinyengo, wakuba, kapena kulibeko.

Njira imene timailimbikitsa ndi yotuma munthu wanu. Mabanja ambiri kuno ali ndi m'bale ku Johannesburg, ndipo amalonda a nsomba amapita ku Limbe sabata iliyonse. Munthuyo apite pamalo pa wogulitsa, agwire sipeyayo ndi manja, ayerekeze nambala, kenaka ndi pamene ndalama zituluke. Ngati n'kotheka mupatseni sipeya wakufayo anyamule. Ndalama ya minibasi imene mungamupatse ndi yochepa poyerekeza ndi imene mukuiteteza.

Polipira

Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba mu 2013. Zatithandiza, koma ndalama ikatumizidwa ndi kutapidwa, kuibweza n'kovuta kwambiri. Choncho musalipire zonse katundu musanamuone. Gwirizanani zopereka gawo lochepa, zotsala mumalize katundu akafika m'manja mwanu kapena mwa amene mwamutuma. Wogulitsa akakanitsitsa, funani wina.

Onetsetsani dzina limene latuluka pafoni. Kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, komabe akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake. Ngati mumalankhula ndi munthu wina koma dzina latuluka lina, imani kaye. Pa ndalama zambiri ndi bwino kulipira ku banki, mu akaunti ya dzina la sitolo, ndipo musunge kapepala kake. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, nambala ya sipeya ndi mtengo. Funsaninso ngati amalola kubweza katundu akapanda kulowa. Katundu wochokera kunja amalipiridwa msonkho ku MRA pachipata, monga pa Mwanza, Dedza, Songwe kapena Chiponde, ndiye mugwirizane poyamba kuti alipira ndani. Akuba ena amadikira mutatumiza ndalama yoyamba, kenaka n'kuimba kuti katundu wagwidwa pachipata, onjezerani. Pamenepo musatumizenso kanthu.

Mbali ya komiti

Makomiti a m'madooko anayamba ku nyanja ya Malombe mu 1993 ndi cholinga chosamala nsomba, ndipo kugula sipeya si ntchito imene anakhazikitsidwira. Komabe ife tikuona kuti mlembi wa komiti akhoza kusunga tsamba limodzi m'kaundula, lolembapo masitolo amene anatumiza katundu weniweni ndi manambala a foni amene anapusitsa anthu. Eni mainjini atatu kapena anayi akhozanso kusonkherana n'kutuma munthu m'modzi, makamaka m'miyezi imene nyanja yatsekedwa.

Ngati mwaberedwa kale, musafufute mauthenga. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, kenaka mukanene kupolisi mutanyamula foniyo ndi nambala ya malipiro. Ngati ndi sitolo yodziwika imene yakugulitsani sipeya wachinyengo, dandaulo lanu lipite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Auzeninso a komiti tsiku lomwelo, musachite manyazi, chifukwa nambala imene yakuimbirani ikhoza kukhala kuti yaimbiranso anzanu a padooko pomwepo.