Kutsogolera Gulu Paphiri la Nyangani Usana ndi Usiku

OTHYOLA tiyi m'chigwa cha Honde amadziŵa kuti Nyangani, phiri lalitali koposa m'Zimbabwe, la mamita 2,592, lingazimiririke m'nkhungu pamphindi zoŵerengeka chabe. Mpweya wachinyontho wochokera ku Indian Ocean umakwera matherezi ake, nuzizira, nusanduka nkhungu yochindikala. Mu January 2014 mlendo wina amene anapatukana ndi anzake paphiripo anasoŵa, ndipo sanapezekenso.

2 Chotero, kodi mtsogoleri wanzeru amachitanji? Amanyamuka mmamaŵa, pakuti kaŵirikaŵiri nkhungu imadza masana. Amayenda paliŵiro la wofooka koposa, osati la anyamata othamanga, ndipo amaŵerenga anthu ake paliponse pamene apuma.

3 Bwanji ngati mdima uwapeza akali pamwamba? M'nkhungu, tochi imaunikira mapazi okha, siisonyeza phompho. Ngati njira siikuonekanso, iye amaimitsa gulu lonse pamalo otetezereka ku mphepo, nawauza kukhala moyandikana kuti afunde kufikira mbandakucha. Ena angadandaule nafuna kutsika okha. Iye amakana zolimba.

1. Kodi nchifukwa ninji phiri la Nyangani lili langozi?
2, 3. (a) Kodi mtsogoleri amatetezera motani gulu lake masana? (b) Nanga amachitanji usiku?