Khola Lodalira Thumba la Munthu Mmodzi

Mu December 2010, anthu odzipereka atafika pa famu ya Montana Large Animal Sanctuary ku Niarada, m'chigawo cha Montana ku America, anapeza abulu amene ziboda zawo zinali zitakula mpaka kupindikira m'mwamba, moti kuponda pansi kokha kunali ululu. Panalinso akavalo, ng'ombe, ngamila, nkhumba ndi ma llama mazanamazana, nyama za ku South America zonga ngamila yaing'ono yopanda linunda. Inali nthawi yachisanu, msipu utakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo ndalama zogulira udzu wouma zinali zitatha. Nyama zina zinali zitafa kale, zina zinangotsala mafupa okhaokha.

Chopweteka mtima n'chakuti famuyi anaitsegula kuti ikhale pothawira nyama zozunzidwa ndi zotayidwa. Anthu ambiri amene anasiya ziweto zawo kumeneko anabwerera kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti zapeza pokalambira.

Nanga zinalakwika pati? Pafupifupi ndalama zonse zoyendetsera malowa zinkachokera kwa munthu mmodzi wakufuna kwabwino. Munthuyo atalephera kupitiriza, panalibenso kwina kolowera. Ma llama amphongo ambiri sanathenedwe, choncho ankangoswana chaka ndi chaka pamene ogwira ntchito anali owerengeka. Pachipata napo sankadziwa kukana. Bungwe la AniMeals la ku Missoula ndi magulu ena anagwira ntchito nyengo yonse yachisanu kudyetsa zotsalazo ndi kuzipezera kokhala, zina mpaka ku New York.

Kwa ife amene timaweta nkhumba kuti tidzagulitse ikafika nthawi ya fizi kapena ya feteleza, kusunga nkhumba mpaka ife yokha ndi ukalamba kungamveke kwachilendo. Koma ku America ndi ku Canada malo otere alipo ambiri, ndipo nkhumba ndi zimene zimawadzaza msanga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anthu kumeneko akhala akugula tiana ta nkhumba n'kumakhala nato m'nyumba ngati agalu, ogulitsa atawanamiza kuti sitikula. Kakafika poyamba kugubuduza mipando ndi kufukula kapinga wa pakhomo, mwini wake amayamba kusaka woti amutulire. Nkhumba yosamalidwa bwino imatha kukhala zaka 15 kapena kuposa. Bere lake ndi la miyezi 3, masabata 3 ndi masiku 3 basi, ndipo kuswa kamodzi ana amatha kukwana 10. Mukalandira yaikazi imodzi yoti ili ndi bere inu osadziwa, mwezi wamawa muli ndi khola lodzaza.

Ndiye pali za tsiku ndi tsiku zimene sizioneka pa chithunzi. Nkhumba situluka thukuta lokwanira kuiziziritsa, choncho imafuna mthunzi ndi matope nthawi yotentha. Mano aakulu a yamphongo sasiya kukula, amafunika kudulidwa. Yachilendo imayenera kukhala payokha kaye kuti isabweretse matenda, ndipo mukaiphatikiza ndi zinzake mwaphuma zimalumana mpaka kung'ambana makutu. Ikakalamba miyendo imayamba kuvuta, ndipo kukweza m'galimoto nyama yolemera kuposa amuna atatu kuti ikaonedwe ndi dokotala wa ziweto si ntchito ya munthu mmodzi. Walira mvula walira matope.

Anthu ofuna kuyambitsa malo otere amakonda kutchula nkhani ya Esther. Mu 2012 Steve Jenkins ndi Derek Walter a ku Ontario, m'dziko la Canada, analandira kankhumba kamene anauzidwa kuti sikadzakula kwenikweni. Kanakula mpaka makilogalamu pafupifupi 300. Zithunzi zake zinatchuka pa Facebook, ndipo mu 2014 anthu anasonkha madola oposa 400,000 kuti awiriwa agule famu ku Campbellville. N'zoona kuti zinatheka. Koma anthu ankasonkhera Esther, nkhumba imene ankaidziwa dzina, imene ankaiona itagona pa matiresi m'nyumba. Nkhumba ya nambala 87, yokalamba, yaukali, yopanda amene anaijambulapo, imadya chimodzimodzi, ndipo palibe amene amatsegula chikwama chifukwa cha iyo. Esther anafa mu 2023, ali ndi zaka 11, koma nyama zina za pa famupo zinadzuka m'mawa mwake zikufuna chakudya monga mwa masiku onse.

Umu ndi mmene thandizo la anthu limayendera: limasefukira tsiku lopulumutsa nyama, pamene chilonda chili poonekera, kenako n'kuphwa nyamayo ikachira n'kuyamba kungodya. Ine ndimaona kuti woyendetsa malo amene amalandira nyama yatsopano n'cholinga choti apeze chithunzi chokopera opereka, wayamba kale ulendo wa ku Niarada, ngakhale mtima wake utakhala wabwino chotani.

Inu amene mtima ukukukokerani ku ntchito imeneyi, musanamange khola khalani pansi ndi cholembera. Werengerani chakudya, mankhwala ndi malipiro a antchito a nyama iliyonse kwa zaka 15, ndipo muone ngati mungapirire miyezi 6 popanda ndi khobidi lomwe lolowa. Thenani champhongo chilichonse chisanasakanikirane ndi zinzake. Lembani chiwerengero chimene simudzapyola, muuzenso a komiti yanu kuti adzakuletseni tsiku limene munthu adzaime pachipata akulira, nkhumba ili kumbuyo kwa galimoto. Inunso amene mumatumiza kangachepe mukaona pempho pa foni, funsani kuti nyama zilipo zingati, ozisamalira ndi angati, dokotala wa ziweto anafikako liti, ndiponso amene adzazitenge ndani mwini malo akadwala kapena kumwalira. Akakuyankhani ndi chithunzi china cha kankhumba kovala juzi, funsaninso.