PHUNZIRO LA PABANJA: KUSUNGA PA NTHAWI YA ZOCHULUKA

Werengani: Genesis 41:25-36 ndi Yohane 6:1-13

Cholinga: Kuti banja lililonse lisankhe zizolowezi zing'onozing'ono zosamalira moto, madzi ndi nthaka, ndipo lisazisiye ngakhale mvula yabwerera.

ZIMENE TINAONA

Abale ndi alongo, ife okhala ku Avondale, Chelstone ndi madera ena a Lusaka tinkayesa kuti chilala ndi nkhani ya alimi okha. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zina. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la chilala. Mvula inadula m'maboma 84 mwa maboma 116, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma. Achikulire pakati pathu anakumbukira chilala cha 1992.

Chilalacho sichinathere kumunda. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba ndi pa mtsinje wa Kafue. Madzi ataphwera, magetsi anayamba kuzima. Pofika Seputembala 2024, nyumba zambiri zinkawaona maola atatu okha patsiku. Chitofu chinakhala chete, mapampu a zitsime anaima, ndipo tonse tinatulutsa mbaula.

Makala amene tinaika pa mbaulapo sanagwe kumwamba. Ambiri amalowa mumzinda ndi msewu wa Great East, womwewu wodutsa m'dera lathu, pa njinga ndi pa malole ochokera ku Chongwe ndi ku Rufunsa. Mlimi amene chimanga chake chinapsa anagwetsa mitengo kuti apeze ndalama ya ufa. Sitingamuweruze, pakuti ogula tinali ife. Koma nkhalango ikatha, nthaka imakokoloka, madzi a mvula amangothamanga osalowa pansi, ndipo mitsinje imauma msanga. Motero mphika wathu wa m'tauni ndi munda wa m'bale wathu wa kumudzi zili pa chingwe chimodzi.

ZIMENE MALEMBA AKUTIPHUNZITSA

Yosefe sanayambe kusunga tirigu njala itafika. Analangiza Farao kuti aziika padera gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri. Ntchito yopulumutsa anthu inachitika pamene nkhokwe zinali zodzaza, pamene kusunga kunkaoneka ngati kopanda pake.

Ambuye Yesu atadyetsa khamu lija, analamula ophunzira kuti atole zotsala. Anadzaza madengu khumi ndi awiri. Iye amene akanatha kuchulukitsanso mkate sanalole kuti nyenyeswa zitayike.

Mu 2025 mvula inagwa bwino m'madera ambiri, ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3 miliyoni. Tiyamike Mulungu. Koma chiyeso chathu chagona pomwepa: kuiwala. Zimene tinaphunzira mumdima tizisunge pamene kwawala.

1. MOTO

Nyemba tiziviika m'madzi usiku wonse. Zimapsa msanga ndipo makala amatsala.

Mphika uzikhala wovundikira nthawi zonse. Tisanakoleze moto, ndiwo zikhale zodulidwa kale, ufa ndi madzi zili pafupi. Mbaula isamayake ikudikira wophika.

Tipange dengu lophikira. Tengani dengu kapena katoni yolimba, yalani m'kati mabulangete akale kapena nsanza zoyera, ndi kukonza kapilo kotsekera pamwamba. Wiritsani nyemba pamoto kwa mphindi 30, zibwate ndithu. Kenaka ikani mphikawo m'dengu uli chivundikirire, tsekani bwino, ndipo musatsegule kwa maola anayi. Kutentha kotsala kumatsiriza ntchito. Musasiye chakudya m'menemo mpaka kuzizira. Ngati chazizira, chiwiritseninso musanadye.

Tikatha kuphika, makala otsala tiziwaika m'chitini chachitsulo ndi kuvundikira. Amazima okha ndipo mawa agwiranso ntchito.

Chenjezo: mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangogona osadzukanso.

Magetsi akakhalapo, tizikumbukira kuti ndi madzi a ku Kariba amene tikugwiritsa ntchito. Giza isamayake tsiku lonse. Zovala tizisita pamodzi tsiku limodzi. Babu la LED la mawati 9 limawala ngati lakale la mawati 60. Wotsiriza kutuluka m'chipinda azizima getsi.

2. MADZI

Madzi a mu Lusaka amachokera ku mtsinje wa Kafue ndi ku zitsime zobowola. Amene ali ndi chitsime pakhomo asaganize kuti madziwo ndi ake yekha. Pansi pa nthaka palibe mpanda. Wina akamathirira kapinga usana wonse, chitsime cha mnansi wake chimatsika.

Mpopi umene ukudontha dontho limodzi pa sekondi iliyonse umataya madzi oposa chigubu cha malita 20 patsiku. Kawirikawiri chofunika ndi kamphira katsopano basi. Amene muli ndi mita, werengani nambala pogona, mipopi yonse ili yotseka, ndipo muwerengenso m'mawa. Ngati nambala yayenda, paipi ina ikutaya madzi.

Tizisamba ndi ndowa ndipo potsuka mano tizigwiritsa ntchito kapu. Madzi otsukira mpunga ndi masamba apite kudimba. Otsukuluzira zovala angakolope m'nyumba, kutsuka chimbudzi kapena kuthirira nthochi. Asathiridwe pa masamba odya osaphika.

Denga lathu ndi chitsime chimene tinachiiwala. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 10, limagwetsa malita 500, oposa migolo iwiri ikuluikulu. Madzi oyamba asiyeni atsuke fumbi la padenga, kenaka tcherani mgolo. Uzikhala wovundikira kuti udzudzu usaswane ndiponso kuti mwana asagweremo.

Koma kusunga madzi sikutanthauza kusiya ukhondo. Tikukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala mu Januwale 2024. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira kolorini, ndipo kusamba m'manja ndi sopo kusalekeke.

3. ZOTSALA NDI ZINYALALA

Ufa tiziyeza ndi kapu molingana ndi anthu amene adye. Nsima ikatsala, si ya kudzala. Ikhoza kufundutsidwa bwino m'mawa, kapena kupatsidwa kwa nkhuku.

Kuseri kwa nyumba tikumbe dzenje lofika m'mawondo. Tiziponyamo makoko, masamba ouma, udzu ndi phulusa pang'ono la pambaula. Tizithirako madzi ndi kutembenuza nthawi ndi nthawi. Pakatha miyezi itatu kapena inayi tidzakhala ndi manyowa. Masamba a mitengo tisamawatenthe. Tiziwayala pa bedi la ndiwo kuti chinyontho chisathawe.

Pamalo pochepa tikhoza kudzala repu, chibwabwa, bondwe ndi kalembula, ngakhale m'masaka odzaza dothi. Zikachuluka tizifutsa ndi kuyanika monga ankachitira amayi athu. Mfutso sufuna firiji, ndipo magetsi akazima suwonongeka.

Popita kumsika tizinyamula dengu kapena chikwama chathu. Mu 2018 boma linakhazikitsa lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, koma lamulo silingalowe m'khitchini mwathu ngati ife sitifuna. Pulasitiki ikatayidwa m'ngalande imatseka njira ya madzi, ndipo mvula ikagwa madzi oipa amasefukira m'makomo a anzathu. Ikatenthedwa, utsi wake umapweteka chifuwa.

4. KUBWEZA MTENGO

Thumba lililonse la makala linali mtengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko lino imayamba pa 15 Disembala. Banja lililonse lidzale mtengo umodzi, kaya mango, gwafa kapena kotapela, patali ndi khoma ndi mapaipi. Mwana mmodzi apatsidwe udindo wousamala kufikira utakhazikika. Potumiza thandizo kumudzi, tiziwonjezapo ndalama ya mbande ndi mbewu zopirira dzuwa monga mapira, chinangwa ndi khobwe.

NTCHITO YA TONSE

Zinthu izi zisasenzetsedwe kwa amayi okha kapena kwa wotithandiza ntchito zapakhomo. Abambo, kukonza mpopi ndi kukumba dzenje kukudikira inu. Ana amatsata zimene aona, osati zimene auzidwa.

Wina adzati, kodi kapu imodzi ya madzi ingadzaze Kariba? Singadzaze. Zizolowezi zathu sizigwetsa mvula, ndipo boma ndi makampani ali ndi mbali yawo yaikulu. Koma banja limene laphunzira kuphika ndi makala ochepa limatsala ndi ndalama yothandizira wina, ndipo chilala chikadzabweranso silidzayamba kuphunzira lili m'mavuto. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Ndi chizolowezi chiti chabwino chimene tinayamba mu 2024 koma tachisiya?

2. Thumba la makala limatha masiku angati pakhomo pathu? Tingachite chiyani kuti lifike patsogolo?

3. Ndani pakati pa anansi athu amene amavutika kupeza madzi, ndipo tingagawane naye bwanji?

CHOCHITA SABATA INO

Banja lililonse lisankhe zinthu ziwiri zokha m'phunziroli, lizilembe papepala ndi kumata pakhoma la khitchini. Pa msonkhano wotsatira, mmodzi wa amayi a chigwirizano abweretse dengu lophikira ndi mphika wa nyemba kuti tonse tione ndi kulawa.

PEMPHERO

Atate wathu wakumwamba, mwini mvula ndi nthaka, tikuyamikani chifukwa munatisunga m'chaka cha chilala. Tikhululukireni pamene tawononga zimene munatisungitsa. Kumbukirani abale athu amene sanachire ku njala ija. Tipatseni mtima wosamala pa zazing'ono ndi dzanja lofulumira kugawana. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.