Phunziro 6: Msilikali Amene Anachenjeza Koma Sanamveredwe

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli tikhale titamvetsa kuti chipolowe cha pakati pa mitundu chimayamba ndi zizindikiro zooneka, ndipo kuti munthu amene walandira chenjezo nakhala chete ali ndi mlandu woti ayankhe.

Mau oyamba

Ambiri a ife tinamvapo za asilikali a zipewa zabuluu omwe bungwe la United Nations limatumiza kukasungitsa mtendere. Ntchito yawo ndi kuima pakati pa magulu awiri amene agwirizana zoleka nkhondo. Dziko la Canada lili ndi mbiri yaitali pa ntchitoyi, pakuti nduna yake, a Lester Pearson, ndiwo anatsogolera ganizo lokhazikitsa gulu lotere pa mkangano wa ku Suez mu 1956. Lero tiphunzira za msilikali mmodzi wa dzikoli, a Roméo Dallaire, ndi zimene anakumana nazo ku Rwanda.

Ntchito imene anapatsidwa

Mu Ogasiti 1993 boma la Rwanda ndi gulu lankhondo la RPF anasainirana pangano la mtendere ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Mu Okutobala chaka chomwecho United Nations inakhazikitsa gulu lotchedwa UNAMIR loti liyang'anire panganolo, ndipo a Dallaire anasankhidwa kukhala mkulu wa asilikali ake, omwe anali pafupifupi 2,500. Zida ndi magalimoto zinali zoperewera, ndipo akuluakulu a ku likulu ankaumirira kuti asilikaliwo asaombere mfuti pokhapokha podziteteza.

Chenjezo

Pa 11 Januwale 1994 a Dallaire anatumiza uthenga wachangu ku likulu la United Nations ku New York. Munthu wina wa m'gulu la achinyamata a chipani cholamula, lotchedwa Interahamwe, anali atawatsina khutu kuti maina a Atutsi okhala mu mzinda wa Kigali akulembedwa, kuti zida zabisidwa, ndiponso kuti anyamata ake angathe kupha anthu 1,000 m'mphindi 20. A Dallaire anafuna kukalanda zidazo. Ku likulu anawaletsa, nawauza kuti akangodziwitsa pulezidenti Juvénal Habyarimana pamodzi ndi akazembe a Belgium, France ndi America.

Zizindikiro zina zinali poyera. Chiphaso cha munthu aliyense chinkalembedwa mtundu wake: Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa. Wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti mphemvu. Tikumbukire kuti munthu akatchulidwa dzina la kachilombo tsiku ndi tsiku, anzake amasiya kumuona ngati munthu.

Masiku 100 a magazi

Pa 6 Epulo 1994 ndege ya pulezidenti Habyarimana inaomberedwa ikutera ku Kigali. M'mawa mwake nduna yaikulu, mai Agathe Uwilingiyimana, anaphedwa. Asilikali khumi a ku Belgium omwe anatumizidwa kukawateteza anaphedwanso. Pamenepo Belgium inaitanitsa asilikali ake onse. Pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Kigali panathawira anthu pafupifupi 2,000 podalira asilikali a ku Belgium. Asilikaliwo atachoka pa 11 Epulo, ambiri mwa anthuwo anaphedwa tsiku lomwelo.

A Dallaire anapempha asilikali 5,000 kuti aletse kuphanako. M'malo mwake, pa 21 Epulo, komiti yoona za chitetezo ku United Nations inagamula kuti patsale asilikali 270 okha. Iwo sanachoke. Anatsala ndi anthu pafupifupi 450, ambiri mwa iwo a ku Ghana, motsogozedwa ndi wachiwiri wawo, a Henry Anyidoho. Ndi madzi, chakudya ndi zipolopolo zochepa, analondera anthu omwe anathawira m'bwalo la zamasewero la Amahoro, m'chipatala cha King Faisal ndi mu hotela ya Mille Collines. Mmodzi wa asilikali awo, Kapitawo Mbaye Diagne wa ku Senegal, ankanyamula anthu pang'onopang'ono m'galimoto yake nkuwadutsitsa pa zipata za anthu a zikwanje, kufikira pamene bomba linamupha pa 31 Meyi. Gulu lochepali linapulumutsa anthu pafupifupi 30,000. Ophedwa anali pafupifupi 800,000, makamaka Atutsi, pamodzi ndi Ahutu okana nkhanzazo.

Pa 17 Meyi 1994, tsiku limene Amalawi anali pa mizere kuponya voti, United Nations inavomera kutumiza asilikali 5,500. Koma ambiri anafika kuphana kutatha, RPF italanda Kigali mu Julaye. Pakati pa amene anafika m'gulu lachiwirili panali asilikali a ku Malawi ndi a ku Zambia.

Bala losaoneka

A Dallaire anachoka ku Rwanda mu Ogasiti 1994 alibe chilonda pathupi, koma mtima uli wosweka. Tulo sitinkabwera, ndipo nkhope za anthu amene analephera kuwapulumutsa zinkawabwerera. Iyi ndi nthenda ya maganizo imene madokotala amaitchula kuti PTSD, yomwe imagwira anthu oona zoopsa. Mu 2000 anapuma usilikali chifukwa cha nthendayi, ndipo chaka chomwecho anapezeka ali chikomokere m'paki ina ku Hull atamwa mowa pamodzi ndi mankhwala. Iwo sanabise zimenezi. Analankhula poyera kuti asilikali ena odwala asachite manyazi kupempha thandizo.

Anakaperekanso umboni ku khoti la milandu ya ku Rwanda ku Arusha mu 1998 ndi mu 2004. Mu 2003 anatulutsa buku lawo, Shake Hands with the Devil. Anakhala phungu wa nyumba ya Senate ya Canada kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo anayambitsa ntchito yolimbana ndi mchitidwe wolemba ana usilikali.

Tikuphunzirapo chiyani?

Mu 1999 kafukufuku amene United Nations inalamula anapeza kuti bungweli linalephera anthu a ku Rwanda. Chimene chinasowa si uthenga ai. Uthenga unafika miyezi itatu magazi asanakhetsedwe. Chinasowa ndi anthu ofuna kuchitapo kanthu, pakuti maiko amphamvu anaona kuti Rwanda ndi kutali. Akuluakulu anati: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuzimitsa moto nkosavuta ukadali pa tsekera limodzi, usanagwire denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zizindikiro zitatu zimene zinaoneka ku Rwanda kuphana kusanayambe.
2. A Dallaire anamvera lamulo lowaletsa kulanda zida. Kodi inu mukanatani? Fotokozani zifukwa zanu.
3. Kodi pa misonkhano ya ndale kapena pa foni zathu timamva mau otani onyoza mtundu kapena chigawo cha anzathu? Timayankha bwanji?
4. Tingawathandize bwanji anthu amene anaona zoopsa, monga asilikali obwerera kwawo ndi othawa nkhondo?

Zoti tichite

Gulu lililonse lilembe maina a maudindo a m'dera lake amene lingawafikire likamva mau oopseza: mfumu, khansala, komiti ya chitetezo cha m'mudzi kapena apolisi. Ligwirizanenso chochita ngati woyamba kuuzidwa sanachitepo kanthu. Mubweretse zimene mwalembazo pa msonkhano wotsatira.